Bala Limodzi Lokha Basi

Lolemba

Sabata yanga yomaliza ku banko ya sokoro, kumene amafikira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi. Kaderneta yanga, kabuku ka sukulu kolembamo zomwe ndachita, yadzaza ndi asinatura ya a Dotolo: kuika soro (dripi ija), kutsuka chilonda, kumanga mkono wothyoka, zonse ndapanga. Kwatsala mzere umodzi: kusoka bala pa munthu wamoyo. Ndikapanda kusoka pofika Loweruka, ndibwereza mwezi wathunthu pano, anzanga akupitirira.

Sizingavute. Ino ndi nyengo yokumba kachewere, makasu ndi akuthwa, aliyense akuthamangira malori. Mabala abwera okha.

Zoyenera kuchita:
1. Kulawira.
2. Maluva (magolovesi) m'thumba nthawi zonse, kuti ndizingovala.
3. Kusamuchotsa diso Edimilsoni.

Edimilsoni ndi wophunzira mnzanga, wa ku Beira. Wasoka kale kasanu ndi kawiri koma sakhuta. Amamwetulira m'mamawa, kuzizira konseku. Munthu wotere ali ndi zolinga.

Lachiwiri

Bala loyamba! Bambo wa ku Domwe wagwa pa mota, njinga yamoto, ndi matumba atatu, chipumi chang'ambika bwinobwino, chosiririka. Ndikuvala maluva, a Luiza, enfermera, namwino wamkulu wa pano, akuti: "Adokotala aang'ono, takatengani soro ku farmasiya."

Ndathamanga. Pobwera, Edimilsoni akumanga mfundo yomaliza.

Soroyo sanaigwiritse ntchito. Ikadali pa meza, ndikuiona. A Luiza akhala pano zaka zambiri kuposa malata a denga. Amadziwa chimene akuchita.

Lachitatu

Ndagula chiboda cha nkhumba kumsika kuti ndiyeserepo. Ndachicheka, ndachisoka. Mapontu khumi ndi awiri, okongola mochititsa manyazi telala. Ndachikulunga, ndachiika m'jeleira, firiji ya antchito, kuti ndiwaonetse a Dotolo.

Masana: palibe!

Owakayikira:
- Edimilsoni (milomo ikunyezimira)
- a Luiza (akuti sadya nkhumba, koma ndani anawaonapo akukana?)
- alonda a pachipata (akutokosa m'mano, ndipo chatulukamo ndi ulusi wakuda. Akuti ndi wa malaya.)

Palibe wavomera. Onse akundifunsa mwachifundo ngati ndadya.

Lachinayi

Anthu a ku Angonia ayamba kusamala, kapena wina wawachenjeza. Lero: malungo anayi, mphumu imodzi, kamtsikana kamene kakankhira nyemba m'mphuno. Bala ngakhale limodzi, ayi.

Nyembayo ndimafuna kuikoka ndi pinsa, kachitsulo kopanira. A Luiza andigwira dzanja: "Muikankhira mkati." Andionetsa njira ina. Mayi ake atseke mphuno inayo ndi chala, kenako amuuzire mwamphamvu m'kamwa. Thu! Nyemba yauluka, yandimenya pa chipumi. Mwana akuseka, mayi ake akuombera m'manja.

Chabwino, ndaphunzirapo kanthu. Koma kaderneta ilibe mzere wa nyemba. Ndipo a Luiza andiphunzitsiranji mokoma mtima chonchi? Akubisa chiyani?

Lachisanu

Bala lachiwiri! Wopala matabwa wa ku Fonte Boa, chala chachikulu. Ndafika woyamba, singano ili m'manja. Wayang'ana nkhope yanga, wayang'ana bata yanga, mkanjo woyera wa udokotala, wabweza chala.

"Kodi si inu mwana wa a Jere wa ku Lifidzi, munkathawa atambala uja? Ayi, andisoke achilendowo."

Edimilsoni satha ngakhale kuyankha moni m'Chinyanja, ndiye akuti ameneyo ndiye dokotala weniweni. Za atambala ndi zakale kwambiri, ndinali ndi zaka zisanu. Wamukumbutsa ndani? Ndinaona a Luiza akulankhula naye pakhomo.

A Dotolo angondiuza kuti: "Mawa ndi lomaliza." Ngati sindikudziwa!

Loweruka

Zodabwitsa! Lero wotumidwa ku farmasiya ndi Edimilsoni. Atangotuluka, a Luiza akundinong'oneza: "Ili ndi lanu. Khasu, pa msongolo. Lowongoka, loyera, mapontu asanu ndi limodzi. Sabata yonse ndimakudikirirani loti simungalakwitse."

Ndavala maluva. A Dotolo aima pambali, cholembera m'manja. Ndakoka nsalu yotchinga.

Apongozi anga. Mayi ake a Rosa, mkazi wanga.

Chikwatirire zaka ziwiri zapitazo, sindinawaonepo nkhope pafupi. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, nanji kuwakhudza. Tikakumana panjira, ine ndimapatukira m'chimanga, iwo amapenya kumbali. Lero ali chogona apa, kapulana, chitenje chawo, yakwera mpaka m'bondo.

"Mayo ine!" Kukuwako si kwa bala. Akoka kapulana kuti afunde kumutu, bondo linalo laonekeranso. Ine ndatembenukira kukhoma, ndanyonyomala, pinsa ikadali m'manja.

Ndauza khoma: "Awuzeni kuti pepani kwambiri." A Luiza awauza. Yankho lachokera m'kapulana: "Awuzeni kuti zikomo, koma atuluke."

A Dotolo ndi a ku Maputo, sakumvetsa kanthu. "Mwendo ndi mwendo! Sokani!"

Magazi akudontha, ndikuwamva. Ndaganiza zambiri. Kusoka nditatsinzina? Kusoka chofulatira? Kunena kuti ndine munthu wina wongofanana naye? Mwezi wathunthu, ine! Ndacheuka pang'ono, ndaona chidendene chawo chokha, chong'aluka ndi dothi la kumunda. Chikunjenjemera. Mayi wamkulu akunjenjemera ndi manyazi, chifukwa cha ine.

Ndatuluka.

Edimilsoni wabwerako ku farmasiya. Wasoka iye. Kakhumi!

Ndakhala kuseri kwa thanki ya madzi, maluva osavula. Zandiwawa. Sindinama, zandiwawa kwambiri. A Luiza adutsa, akuti sankadziwa kuti ndi apongozi anga. Mwina ndi zoona. Koma Angonia yonseyi, makasu onsewa, mwendo nkukhala womwewo?

Lamulungu

Mzere uja ndi woyera. Mwezi wina ku banko.

Rosa waimba telefoni kuchokera ku Lifidzi. Mwendo uli bwino, sunatupe. Akuti potuluka ku Misa mayi ake auza aliyense kuti mkamwini waulemu ngati wawo kulibe: dokotala wathunthu, koma sanakhudze ngakhale chala. Azimayi ena akuti nawonso akadzavulala adzafuna dokotala yemweyo, wosakhudza uja.

Ndamufunsa Rosa kuti mayi ake analowera chiyani m'munda Loweruka, aganyu alipo. Akuti ndazungulira mutu, ndikagone. Mwina.

Ndachapa bata, ikuuma pa chingwe. Ndangokumbukira kuti mayi ake a Rosa anabadwa asanu, akazi okhaokha. Onsewo ndi apongozi anga, ndipo anayi otsalawo sanamalize kukumba kachewere.