Lembani Mawu Amene Akusowa

Lolemba

Dzulo pa foni Tadala wangoti, "Hello, daddy." Basi. Kenako foni wabwezera mayi ake ngati ikumuotcha. Mwana wanga mmodzi yekhayo! Anapita ku Joni ndi mayi ake asanayambe sukulu, ine n'kutsala kuno pa Machinga ndi choko changa. Lero Chichewa chamuuluka. Ana a eni ndimawakhutitsa miyambi m'kalasi, wanga sadziwa ngakhale "zikomo". Zikundiwawa.

Koma ndapeza webusayiti yopangira mafunso. Umaika chithunzi, mwana n'kusankha mawu, makina n'kuchonga okha. Ndizimutumizira linki. Pofika Lamulungu ticheza ngati anthu.

Lachiwiri

Zithunzi za pa webusayitiyi, mayo ine!

Mbuzi: yaubweya ngati bulangeti, belu m'khosi.
Nyumba: yosanja, yopanda ndi nkhuku yomwe pabwalo.
Khasu: palibe. Andipatsa fosholo.

Ndaganiza zojambula ndekha mbuzi ya Che Yusufu, oyandikana nawo nyumba. Yathawa, pachithunzi paoneka mchira wokha. Eni ake akundiyang'ana mokayika: "Aphunzitsi, mbuzi yangayi mukufuna muigulitse pa intaneti?"

Lachitatu

Makina akukana "ng'ombe". Ati kachizindikiro kapakatiko ndalakwitsa. Ine, kulakwitsa ng'ombe? Ndakachotsa, yasanduka "ngombe", chinyama choti sindinachionepo chibadwire. Ndawauza kuti awerenge mokweza: kwatuluka mawu a mzungu wodwala chimfine. Iyayi, ndijambula mawu anga. Mwina Tadala akamandimva tsiku ndi tsiku adzandizolowera.

Kodi masiku ano amaseka bwanji? Mano akutsogolo aja anamera?

Lachinayi

Magetsi azima. Netiweki kunyumba kuno ikungosuzumira n'kubwerera. Ndapita pa siteji ya minibasi pomwe imagwira bwino, ndajambulira pomwepo: mayi, bambo, madzi, mvula, bwera kuno. "Bwera kuno" ndamubwerezabwereza mpaka mayi wogulitsa nthochi wabweradi. Ndagula nthochi zosafuna. Batire likutha, ndatumiza osamvetsera.

Lachisanu

Uthenga wochokera kwa mayi ake: "Bambo a Tadala, mukumuphunzitsa chiyani mwanayu? Chidzukireni akungokuwa m'nyumba muno, 'Balaka! Balaka! Mmodzi yekha tizipita!'"

Ndamvetsera zimene ndinatumiza zija. Ine ndikumveka ngati udzudzu, kondakitala ngati mlaliki wa pamsika. Ndaseka ndekha mpaka misozi, koma kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Chiganizo chake choyamba cha Chichewa wamuphunzitsa ndi kondakitala! Ndapempha kuti amujambule, ndimveko ngakhale "Balaka" yemweyo. Akuti akuchita manyazi.

Loweruka

Zithunzi ndasiya. Zojambula mawu ndasiya. Latsala funso limodzi lokha, lodzaza mpata:

"Bambo anga ama________."

Yankho lolondola ndaika "ndikonda". Kudzichemerera, inde, nanga andichemerere ndani? Ndimangofuna ndione atalemba ndi zala zake, ngakhale mochita kuuziridwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndimawauza choncho ana m'kalasi. Mwini wakene foni sikuchoka m'manja. Zochapa zanyowa ndi mvula pachingwe ndili chiyang'anire.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndapeza yankho lafika. Makina achonga ndi chofiira: walakwa, ziro. Pa mpata paja Tadala walemba "sowa".

Bambo anga amasowa.

Ndafunsa mayi ake ngati anamuuzira. "Iyayi, walemba yekha. Amamva ndikamayankha anthu akafunsa za inu." Sipelo yabwinobwino, palibe chilembo chophonya.

Kucheza kuja kwalephereka, ati wapita ku phwando la mnzake. Ndakhala pakhonde, jekete la kutchalitchi osavula. Ndamusowa mwana wanga, ndipo ndilibe pokanira zimene walembazo. Ndalowa posinthira mayankho, ndafufuta langa lija, ndaika lake.

Chofiira chachoka, pabwera chobiriwira. Wakhoza.