Magalasi a Pamsika ndi Diresi la Lusungu

Lolemba

Singano yandikana. M'mawa wonse ndikulimbana ndi ulusi, ndaunyowetsa ndi malovu mpaka pakamwa pauma, koma bowo silikuoneka. Ine telala wa zaka zonsezi pa Lufita pano! Ndipo patebulo pali diresi la ukwati la Lusungu, mwana wa Mayi Sichinga. Ukwati wake ndi Loweruka lomweli.

Kuchipatala sindipita. Azakhali anga ku Ntcheu anapita ndi miyendo yawo kukadandaula za maso, chaka chisanathe anali akuyenda chogwira khoma. Anthu amati anachedwa kupita. Ine ndimangodziwa kuti anapita.

Ndiye ndaganiza motere:
kugula magalasi pamsika,
kumaliza diresi pofika Lachinayi,
osauza munthu, ngakhale amuna anga, bambo a Tadala.

Wogulitsa ndi bambo wina wa ku Tanzania. Magalasi wawayala pakatoni, pambali pa maloko ndi matochi. "Karibu mama," kenako akundipatsa pepala la sopo kuti ndiwerenge. Oyamba, chimbuuzi. Achiwiri, chizungulire. Achitatu, zilembo zangoti nga! Ndagula. Kunyumba ulusi walowa kamodzi n'kamodzi.

Lachiwiri

M'mawa ntchito ikuyenda ngati kale. Mkono umodzi wa diresi watha. Bambo a Tadala akamalowa, magalasi ndikuwaponya m'chitini cha mabatani.

Ludzu lokha ndiye likundisautsa masiku ano. Botolo la sobo latha, tiyi ndamwa kangapo, shuga wake wa masupuni osawerengeka. Njira ya kuchimbudzi ndaisalaza. Ndi fumbi la ku Chitipa limeneli, palibenso china.

Masana ndatuluka magalasi ali kumaso. Palibe anandiuza kuti ndi oonera pafupi pokha. Pageti ndaona munthu wamfupi wakuda bii ataima, ndawerama n'kumupatsa moni wa kuno, "Mwatandala uli, adada?" Sakuyankha. Ndi thumba la makala.

ANyaKaonga, aneba anga, aona zonse ali pampanda. Sanaseke. Bola akanaseka. Akuti magalasi amadya maso. Akuti alamu awo a ku Nthalire anayamba ndi magalasi omwewa, lero diso lina layera ndi ng'ala. Amaliza ndi "Pepani chomene," ngati pamaliro.

Lachitatu

Magalasi asiya kugwira ntchito. Omwe aja, diso lomwe lija, singano yomwe ija, koma chimbuuzi chokhachokha. Ndawatsuka ndi sopo. Ndawapukuta ndi chitenje. Ayi ndithu.

Ndabwerera kumsika. Mwini katoni akuti katundu wake alibe vuto, maso anga ndi amene akula usiku. Wandigulitsa ena amphamvu. Awa akugwira kanthawi, kenako mutu waukulu. Ndayesa kuvala onse awiri, ena pamwamba pa ena. Makina osokera akuoneka awiri, ndipo sindikudziwa wanga ndi uti.

ANyaKaonga abwera ndi malangizo:
mkaka wa m'mawere wodontheza m'diso,
kaloti wosaphika,
mneneri wina wa ku Kaseye,
kuleka kuyang'ana nsalu zoyera.

Diresi la ukwati, ndileke kuyang'ana zoyera!

Atapita ndatseka chitseko, ndatsinzina, n'kuyesa kuyenda m'nyumba ngati mmene ankayendera azakhali. Ndi bwino kuphunzira kudakali nthawi. Kuchokera pamakina kukafika kuchipinda ndawomba bondo pampando, ndagwetsa ndowa. Ndakhala pansi m'madzimo, maso chitsinzinire. Telala wosaona amadya chiyani? Tadala ndani amulipirire sukulu?

Ndasoka mpaka dzuwa kulowa, mongopapasa.

Lachinayi

Tsiku loyeza diresi. Mayi Sichinga afika ndi Lusungu, nkhope zowala. Lusungu walowa kuseri kwa katani, akuchedwa kutuluka. Atatuluka, zonse zili poyera.

Zimene zapezeka:
mkono wachiwiri ndausoka chozondoka,
lesi wa pakhosi ali kumsana,
mpendero wonse ndasokera ulusi wachikasu, ine n'kumati woyera.

Lusungu akulira mosatulutsa mawu. Ine ndikunena za magetsi, za mitambo, za ulusi wa masiku ano wosadalirika. Mayi Sichinga sanakalipe. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako afunsa motsitsa mawu ngati maso ali bwino, "Amama, maso ghali makora?" Pamenepo n'kuti magalasi onse awiri ali pamphumi panga, ndinaiwala kubisa. Ndipo bambo a Tadala aima pakhomo.

Diresi lapita kwa telala wa pa Boma uja, amene ndakhala ndikuuza aliyense kuti zipi sadziwa kuika. Alinyamula ndi bambo a Tadala eni ake, panjinga.

Pobwera angonena mawu ochepa. "Mawa tikupita kuchipatala. Mukakana ndikuberekani."

Zakudya zandikanika. Madzi okha.

Lachisanu

Pamzere wa odwala maso pali agogo omangidwa thonje, mwana wa maso ofiira, ndi ine. Ndayesa kunena kuti ndaiwala chitseko chosakhoma. Bambo a Tadala andionetsa kiyi.

Dokotala wa maso ndi mayi wodekha. Wandiwerengetsa zilembo zapakhoma. Wafunsa ngati maso amasinthasintha, tsiku lina bwino, lina ayi. Eya. Ludzu? Kutaya madzi pafupipafupi? Kuonda? Ndikudabwa kuti wamuuza ndani. Wanditumiza kukabayidwa chala, kenako wandidontheza mankhwala m'maso n'kuunikamo ndi katochi.

Akuti ndili ndi matenda a shuga, ndipo akwera kwambiri. Shuga akakwera kapena kutsika, kaonedwe kamasintha naye, n'chifukwa chake magalasi a Lolemba anakana Lachitatu. Akuti magalasiwo sanadye diso, koma akanandigoneka tulo matenda akulowerera. Kuseri kwa diso lamanzere waona timadontho ta magazi. Pang'ono, akutero, tabwera nthawi yabwino. Magalasi enieni adzandiyeza shuga akakhazikika. Ndipo ndiyenera kukaonedwanso ku Mzuzu.

Ine ndangomva mawu awiri: magazi, Mzuzu.

Titatuluka panja, dziko lonse mbee! Dzuwa likubaya, msewu sukuoneka, manja anga omwe sindikuwaona bwino. Basi, zachitika. Ndagwira malaya a bambo a Tadala n'kuyamba kugawa katundu pageti pachipatala pomwepo: makina apite kwa mng'ono wanga, nsalu za anthu zibwezedwe, Tadala asasiye sukulu. Anthu aima kuonerera.

Bambo a Tadala akuti, "Mayi a Tadala, adokotala anena kuti mankhwala aja amatero, pofika madzulo zitha. Anena kawiri."

Sindinamve. Ndakwera njinga nditafunda chitenje kumutu ngati namfedwa. Madzulo zathadi.

Loweruka

Ukwati. Ndimafuna kudwala, koma Mayi Sichinga atuma uthenga kuti ndisalephere.

Diresi lakhala bwino. Ndayandikira dala kuti ndione zipi. Nayonso yakhala bwino. Zandiwawa kuposa chala chobayidwa dzulo.

Nkhani yanga yafika kale ponseponse. Pamadyerero, wogawa zakumwa wandidumpha mwaulemu n'kundipatsa madzi. Keke yadutsa pamaso panga ngati basi yodzaza. Amayi ena andigwira mkono kuti andiolotse kangalande kamene ndikukaona bwinobwino. Wina akuti amalume ake anadulidwa mwendo ndi shuga yemweyu. Wina akuti apongozi ake ali naye zaka zambiri, amamwa mankhwala, mpaka lero amapeta nsalu. Ndayesetsa kugwira za apongoziwo, koma mwendo uja ndi umene wanditsatira kunyumba.

Lusungu wandikumbatira pamapeto. Akuti ndikachira ndidzasoke zovala za mwana wake woyamba. Wati ndikachira, sanati ngati.

Lamulungu

Tiyi wopanda shuga. Madzi otentha a mtundu wa dothi. Ndamwa, ndi mapiritsi anga.

Makina ndawafunditsa nsalu. Makasitomala adikira, osadikira apita pa Boma. Za ku Mzuzu bambo a Tadala akuti tinyamuka sabata ikubwerayi, ayamba kale kufunsa za basi. Mantha alipo. Sanachoke, angopeza pokhala.

Kutchalitchi nyimbo ndaimba za pamtima. ANyaKaonga abweretsa kaloti mbale yonse. Ndalandira, ndathokoza, "Yewo chomene." Kukana kulibe phindu.

Masana takhala pakhonde ndi bambo a Tadala. Iwo akukonza tcheni cha njinga, ine ndikuwayang'anitsitsa: mphumi, kachipsera ka pachibwano, khutu lopindika lija. Ndikufuna ndizisunge m'mutu, kuti mwina zikadzavuta ndidzakhale nazo. Atembenuka, andipeza ndikuwayang'anabe. Apukuta pakamwa. Apukuta mphuno. Ayang'ana malaya.

"Pali chiyani kodi?"

"Palibe. Pitirizani."

Apitiriza. Nanenso ndapitiriza.