Tsiku limene ndinasoka maukonde a Filomena

Mpaka lero ndikamadutsa pa bwalo la sukulu ya kuparishi kwathu, ana amene nthawi imeneyo anali asanabadwe n'komwe amandilozera ndi milomo. Ndimadziwa zimene akunong'onezana. Akuti, "Agogo osoka aja ndi awo." Ndiye ndati ndiinene ndekha mmene inayendera, poti nkhani ikamagona m'kamwa mwa anthu ena imanenepa ngati nkhumba ya kwa abambo mfumu.

Filomena ndi mdzukulu wanga. Ndinamulera ndekha, mayi ake atatisiya iye akukwawa. Anakula mwanayo, nakula, nakulabe, mpaka ankathyola mapichesi a kunsonga osakwera mtengo. Kusukulu anali woponya wa timu ya netibolo, ndipo ine mtima unali mbee, chifukwa mpira umenewo ndimaudziwa. Nanenso ndinausewera ndili mtsikana. Ukaugwira umaima, kuyang'ana, n'kupatsa mnzako. Mpira waulemu.

Kenako kunabwera mayi Selesite. Anafika ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo ankathandiza kuphunzitsa pa sukulupo. Ndiwo anaimika mizati iwiri yokhala ndi matabwa pamwamba, n'kuyambitsa masewero awo otchedwa basiketibolo. Atamuona Filomena anati, "Msinkhu uwu ukuwonongeka ndi kuima malo amodzi." Mwana wanga anasiya netibolo sabata yomweyo.

Ndinanyanyala. Ndinangomva kuti mpirawo amaumenyetsa pansi ngati akupha njoka, komanso atsikana amavala makabudula (kumbukirani kuti ndi nthawi imene akazi anali atangololedwa kumene kuvala buluku, maso athu anali asanazolowere). Ndinalumbira kuti phazi langa silidzaponda pa bwalo limenelo. Zaka ziwiri ndinasunga lumbiro langa. Gwirani mawu amenewa, chifukwa tsoka langa lonse linamera pamenepa.

Nkhondo itatha mayi Selesite anabwerera kwawo, kenako tinamva kuti awoloka nyanja, akuphunzitsa timu ya akazi kudziko la Apwitikizi. Zipani zitachuluka kuno, mavoti atadutsa, kunabwera kalata. Akubwera ndi bwana wa timuyo kudzamuona Filomena. Adzaima pa sukulu pathu ola limodzi lokha popita ku Lilongwe. Akakhutira, mwana akasewera kumeneko ngati ntchito, sukulu n'kukamalizira komweko. Akapanda kukhutira, khasu langa lachiwiri linkamudikira kuseri kwa chitseko.

Apa m'pamene manyazi anandigwira. Mwana wavutika yekha zaka ziwiri, agogo ake atafufuma ngati chule. Ndinati ndimuchitireko kanthu.

Lachisanu Filomena anachapa maukonde awiri amene amakoleka ku zitsulo za pa mizati ija. Ankawasunga kunyumba kuopa akuba. Anawayanika pa mtengo wa pichesi, n'kutenga kachikwama kake kupita ku Chimbiya kukagona kwa azakhali ake, kuti m'mawa akalandire alendo pamsewu ndi kuwalondolera njira.

"Agogo, akauma muwapinde. Mawa m'mawa mukawapatse a Gelevazio awakoleke."

"Pita bwino, mwana wanga. Zakuno usade nazo nkhawa."

Dzuwa litapendeka ndinapita kukawaanula. Nditatambasula woyamba, mtima unangoti phwii. Kunsi kunali chibowo choti mutu wanga n'kulowa ndi duku lomwe. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinati makoswe awa atipha. (Ndinaonadi kuti m'mphepete mwa chibowocho munali mosalala bwino, koma ndinangoti makoswe a masiku ano amadya mwaulemu.) Anthu awoloke nyanja, akwere mapiri onsewa, adzapeze mdzukulu wanga akuponya mpira m'chinthu chong'ambika? Adzati kwawo kulibe munthu wamkulu?

Tsono inu simukundidziwa. Kuno kwathu thumba la mbatata ya kachewere silitsekedwa pakamwa. Timadzaza mpaka mbatata itatundumuka, kenako timaluka chipewa cha chingwe pamwamba pake kuti isagwe. Pa ntchito imeneyo, kuyambira kwathu mpaka kumsika wa pamsewu, dzina limene ankatchula linali langa. Thumba loluka ine linkafika ku Limbe pa lole osataya ngakhale kambatata kamodzi. Ndinatenga singano yanga ya matumba, ndinatenga linya, chingwe chija timasolola m'matayala akutha, ndinakhala pakhonde n'kuyamba. Ndinaluka, ndinakunga, ndinamanga mfundo pamwamba pa mfundo, kwinaku ndikuimba. Pomaliza ndinaikamo dzungu kuyesa. Silinagwedezeke.

M'mawa kunali nkhungu ndi chisanu choluma makutu. A Gelevazio, mlonda wa pasukulu, nkhalamba inzanga, anawatembenuza maukondewo uku ndi uku.

"Mayi, manja anu ndi odala. Ine ndakhala ndikuona chibowo chimenechi zaka zonsezi, koma ndinkaopa kufunsa."

Anabwereka makwerero kwa amisiri amene ankakonza denga la tchalitchi, anakoleka, n'kubweza. Amisiriwo anakweza makwerero awo pa ngolo n'kupita kumudzi wina.

Pofika masana bwalo linadzaza. Abambo mfumu analipo, amayi a kwaya analipo, ngakhale ogulitsa zitumbuwa. Galimoto inafika. Anatsika mayi Selesite, anatsika Filomena, anatsika bwana wa timu uja, mzungu wamfupi wadazi, makiyi ali m'manja. Analonjerana mwachangu, atsikana n'kulowa m'bwalo.

Filomena anatenga mpira, anaima kutali, kutali zedi, n'kuponya. Mpira unauluka ngati njiwa yobwerera kwawo, n'kulowa. Ndipo unakhala momwemo, phee, ngati dzira m'chisa.

Ine nthungululu. Ndinadzuka, ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinayamba kuvina ndikuimba kuti walowa, walowa, sutuluka, wa Filomena sutuluka. Ndinadabwa pang'ono kuti amayi a kwaya sakundiyankha, koma ndinati ndi nsanje.

Mtsikana wina anatenga mpira wachiwiri n'kuthamangira ku mzati winawo. Anaponya. Nawonso phee. Sukulu yonse inali ndi mipira iwiri yokha, ndipo yonse inali m'mwamba, itakhala bwinobwino m'ntchito ya manja anga.

Mayi Selesite anayenda mpaka pansi pa ukonde, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Wachita zimenezi ndani?"

Ine ndinayesa akufuna kuthokoza. Ndinakweza dzanja, ndinalowa m'bwalo movina.

"Ndine, mayi. Linya weniweni ameneyo. Ngakhale muikemo mbuzi, siituluka."

Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Filomena yekha sanaseke. Anabwera pafupi, anawerama kuti pakamwa pake pafike pa khutu langa.

"Agogo, mpira umayenera kutulukira kunsi."

"Kutuluka? Nanga mukuvutikiranji kuulowetsa?"

"Agogo, anthu awa ali ndi ola limodzi."

Ndinayang'ana mzungu uja. Anali akuyang'ana wotchi, makiyi akulira m'dzanja linalo.

Anthu anayamba kuthandiza, ndipo mukudziwa mmene kuthandiza kwa anthu ambiri kumakhalira. Wina anathamangira makwerero, anapeza ngolo inapita kalekale. Wina anabwera ndi nsungwi, koma akautokosa mpirawo unkangogubuduka m'thumba langa n'kukhalanso. Mayi wina wa kwaya anavula nsapato n'kugenda. Nsapato inakwera, inatsika, n'kulowa momwemo, kukhala pambali pa mpira. A Gelevazio, amene m'mawa ankadalitsa manja anga, ndinawaona akuzemba kulowera kuseri kwa zimbudzi.

Mzungu ananena kanthu m'chinenero chawo n'kuyamba kuyenda cha ku galimoto.

Filomena anapukuta m'maso ndi mkono. Anabwerera m'mbuyo, anathamanga, n'kudumpha. Ine ndinamubereka kumsana mwana ameneyu, koma sindinkadziwa kuti angasiyane ndi nthaka chomwecho. Anaumenya mpira chakunsi ndi chibakera, mpira n'kutumphukira kumwamba, nsapato pambuyo pake. Asanatere n'komwe bwino, anali atauwakha.

Makiyi anasiya kulira. Mzungu anabwerera, anatenga mpirawo m'manja mwa Filomena, n'kuuponyanso yekha m'thumba langa.

"Akuti ubwereze," anatero mayi Selesite.

Anabwereza. Mzungu anauponyamonso, Filomena anabwerezanso. Kachinayi mzungu anaika makiyi m'thumba la buluku n'kunena kuti tsopano akufuna kuona masewero enieni.

Koma masewero enieni ankafuna chibowo. Wina anatulutsa mpeni, mayi Selesite anakana, poti maukonde ena kunalibe. Ndinanena motsitsa mawu kuti mfundo zanga zimamvera mwini wake yekha. Filomena anandiyang'ana, anayang'ana m'mwamba, kenako anagwada n'kundipatsa msana.

"Kwerani paphewa, agogo."

"Pamaso pa abambo mfumu?"

"Atsinzina."

Ndinakulunga chitenje pakati pa miyendo, ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndinakwera. Atadzuka, ndinaona denga la tchalitchi, ndinaona phiri la Chongoni, ndinaona dazi la mzungu likuwala pansi panga. Bwalo lonse linkaomba m'manja, ndipo amayi a kwaya aja tsopano anaitola nyimbo yanga, koma ataitembenuza: utuluka, utuluka, agogo akwera, utuluka.

Ndinafunsa chapansipansi, "Ndikukulemera?"

"Thumba lanu la kachewere limalemera kuposa inu."

"Ndakuwonongera mwayi, mwana wanga?"

"Masulani kaye, agogo. Tikambirana pansi."

Ndinamasula ndi zala, pena ndi mano awiri amene ndatsala nawo kutsogoloku. Titamaliza uwu, anandinyamula chomwecho kudutsa bwalo lonse kupita ku winawo, osagwedezeka, ngati wasenza mtsuko wodzaza.

Anasewera nthawi imene inatsala. Kanali koyamba kumuonera. Malamulo sindinawamve, ndipo sindikuwamvabe, koma ndinaona mwana wanga akuthamanga, akukhota, akuuluka, mpira ukumutsatira ngati kagalu kake. Ndinalira, osati chifukwa cha manyazi okha.

Pokwera galimoto mayi Selesite anandigwira dzanja. "Agogo, mukonze mtima, mwana tikumutenga. Bwana akuti munthu amene wayenda ndi agogo ake paphewa osapunthwa, palibe amene angamukankhe pansi pa ukonde."

Patapita miyezi itatu tinamuperekeza ku Chimbiya kukakwera minibasi ya ku Lilongwe, atapinda miyendo mpaka mawondo kufika pachibwano. Ndinavina pamsewu mpaka ogulitsa tomato anasiya malonda.

Phunziro ndinalitola, musakayike. Chinthu ukachipeza chobooka, yamba wafunsa mwini wake. A Gelevazio nawo ndinawauza, ngakhale amati iwo tsiku limenelo kunalibe.

Chaka chathachi Filomena anatumiza chithunzi. Ali m'mwamba, m'nyumba yaikulu ya magetsi ambirimbiri, anthu odzaza mpaka kudenga. Ndinachiyang'anitsitsa pafupi ndi maso, ndipo ukonde wawo nawonso ndi wobooka kunsi. Dziko lolemera chomwecho. Koma linya uja ndinamubisira pansi m'chikwama chake tsiku lonyamuka, ndi singano yomwe, sanandiuzebe ngati anamupeza.