Telala Amene Anamwalira pa Wailesi Zitatu

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula poopa kutsekedwa pakamwa, ufulu wofalitsa nkhani unali wosefukira. Wailesi zinalipo zitatu: Liwu Lathu, Liwu Lanu ndi Liwu Lina. Zonse zinali m'nyumba imodzi, ndipo mwini wake anali mmodzi, Olemekezeka Mkulu wa Mphepo ndi Mawu Onse, Dokotala Chimphonda, amene udokotala wawo anaulengeza okha.

Tsiku lina a Malikebu, telala wa pamsika, zinawakwana. Analemba kalata yodandaula kuti ukapotokola wailesi kuno ndi a Chimphonda, ukapotokola uko ndi a Chimphonda omwewo akutsokomola. Tsoka ilo, kuwailesiko kunalibe bokosi la madandaulo, poti chiyambire palibe anadandaulapo. Mlembi anangoiponya m'bokosi la uthenga wa maliro.

Masana, mawu achisoni anamveka pa wailesi: "A Malikebu a pamsika atisiya."

A Malikebu anali atapana singano pakamwa, moti pang'onong'ono akanaimeza. Anathamangira kunyumba, nakapeza akazi awo, a Nangozo, atamanga kale chitenje m'chiuno, akulira.

"Amayi, ndine ndemwe! Simukundiona?"

"Kukuonani ndikukuonani, bambo," anayankha a Nangozo akusisima. "Koma wailesi zitatu zonse zinganame?"

Zinalidi zitatu. Liwu Lanu inatsimikiza nkhaniyo itafunsa Liwu Lathu, ndipo Liwu Lina, pokhala wailesi yosakondera, inachititsa mtsutso wa mbali ziwiri: ena ankati malemu anatsirizika Lachiwiri, ena ankati Lachitatu. Makasitomala anabwera kudzatenga nsalu zawo, n'kumawapepesa eniake. Achimwene awo anatumiza mawu kuti Loweruka adzagawa katundu, kuyambira makina osokera. Apa ndiye a Malikebu mantha anawagwira zenizeni, chifukwa makinawo ndiwo anali khasu lawo.

Anapita kwa Dokotala Chimphonda.

"Bwana, mwandipha ndili moyo. Konzani."

"Pepani ndi zovutazi, malemu," anatero a Dokotala mwaulemu. "Ngati Liwu Lathu yakulakwirani, kadandauleni ku wailesi ina. Muno ndi m'mudzi wa ufulu."

"Wailesi inayo ili kuti?"

A Dokotala anasuntha mpando pang'ono, navala magalasi ena. "Takulandirani ku Liwu Lanu. Tikuthandizeni?"

Aaa, munthu amapirira, koma izi zinanyanya. A Malikebu anakankha chitseko cha chipinda choulutsira mawu, nalanda maikolofoni kwa muulutsi amene ankawerenga moni, nakuwa: "Anthu inu, ndine Malikebu telala! Ndili moyo! Wailesi izi ndi pakamwa pamodzi!"

Mudzi wonse unamva, pa wailesi zonse zitatu, pajatu waya wake anali mmodzi. A Malikebu anatuluka chifuwa chili patsogolo, mtima uli mbee. Pamsika anapeza anthu ataunjikana pa wailesi, kudikira kuti auzidwe zimene amva.

Sanadikire nthawi yaitali.

"Nazi nkhani zimene tangolandira kumene. Mphamvu ya wailesi zathu tsopano yafika mpaka kumanda, ndipo womvera wathu wokhulupirika, malemu Malikebu, wangotiyankhula kuchokera komweko. Bungwe lopereka ziphaso za wailesi lati popeza amoyo ndi akufa omwe akufikiridwa, wailesi yachinayi njosafunika."

Anthu anawomba m'manja, amayi nalulutira. Mmodzi anatembenukira kwa a Malikebu, misozi ili mbwembwembwe.

"Mukabwerera, mukapereke moni kwa amayi anga. Muwauze azitsegula Liwu Lathu."