Mboni yanga ya m'minibasi

Anzanga, mukandiona ndikudutsa pakhonsolo chowerama ngati ndataya singano, musandiitane. Ndikuuzani kamodzi kokha, museke, zithe.

Amayi anga amakagula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika, ndipo njinga ndiyo miyendo yawo. Tsiku lina wapolisi anawalanda njingayo pamsewu osawapatsa ngakhale kapepala, masabata awiri n'kutha akungouzidwa kuti "bwerani mailo", mawa losafikalo. Nsomba zinasiya kufika, makasitomala n'kuyamba kusamukira pabenchi la ena. Olira sitinali tokha. Amalonda ataopseza kuti atseka msika, makhansala anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi woti akhazikitse lamulo sabata yomweyo, pakhale komiti ya anthu wamba yomva madandaulo okhudza apolisi.

"Iwe unafika giredi twelofu, lemba kalata ya dandaulo," anatero amayi. "Ine nikayendako nizamenya munthu."

Dzina la wapolisiyo sankalidziwa, ndiye ankangofotokoza maonekedwe ake, ine n'kumalemba liwu ndi liwu. Tsono ine mukundidziwa, ngakhale kutchalitchi ndimayimba ndi milomo yokha. Pulani yanga inali yosavuta: kulowa, kusiya kalata patebulo, kuthawa.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ku Nangongwe, yodzaza mpaka pakhomo. Bambo ena a suti yotuwa ndi chisoti anandisunthira, n'kuika mwendo wawo pakati kuti chidebe cha munthu wina chisamandigunde bondo. Tinthu totere ine timandifoola. Ataona ndikungotembenuzatembenuza envulopu m'manja mwanga anafunsa, "Ba sisi, mwadwala?"

Kodi munthu wanzeru akanatani? Akanati ayi, basi. Ine ndinawapatsa kalata yonse kuti andionereko ngati yalembedwa bwino! Anawerenga pang'onopang'ono, anatsokomola, n'kukokera chisoti chija pansi.

"Sipanali pa Chiwiri, panali pa Chitatu," anatero. "Na njinga ija inalibe mabuleki."

"Munaliko?"

"Ninaliko."

"Munaona zonse?"

"Zonse, mwana wanga."

Mboni! Mulungu wandigwetsera mboni m'minibasi! Ndinabwereka peni yawo yomweyo n'kukonza tsikulo pabondo, ndikuwathokoza kawiri katatu. Iwo ankangoyang'ana pawindo.

Titafika kuholo ya khonsolo, tebulo losiyapo makalata kunalibe. Mayi wapakhomo anandiuza kuti poti makhansala akufuna amve okha asanavote, aliyense aziwerenga yekha dandaulo lake. Ndinati nditembenuke, koma kumbuyo kwanga anthu anali atadzaza kale mpaka pamasitepe. Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso, thukuta lili chuchuchu. Bambo anga aja ndinawaona atakhala kumbuyo pambali penipeni pa apolisi a yunifolomu, mumtima ndikuti koma ndiye olimba mtima bambowa.

Kenako ndinamva dzina langa. Anzanga, mawu anga anatuluka ngati a kambuzi komangidwa pakariya ya njinga. Ndinawerenga za njinga, za nsomba, za masabata awiri aja, anthu akung'ung'udza movomereza, mpaka ndinafika pamawu a amayi: "Wapolisiyo ndi wamfupi, wa dazi lonyezimira ngati beseni latsopano, ndipo pakati pa dazipo pali chipsera ngati panatera mbalame n'kuterereka."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. A cheya, mayi wa magalasi, anamenya tebulo kuti anthu atonthole, iwonso akupukuta misozi.

"Muli ndi mboni?" anafunsa.

Apa m'pamene ndikanakhala chete monga ndimakhalira moyo wanga wonse. Koma ayi, tsiku limenelo manyazi anandithawa. "Ee, ba cheya! Aja apo! Anaona zonse, anikonzera na tsiku!"

Bambo aja anaimirira pang'onopang'ono ngati akunyamula thumba la feteleza. Anayamba kulankhula chisoti chili kumutu, koma inu mukudziwa kwathu kuno, mwamuna salankhula pamaso pa akuluakulu atavala chisoti. Mdala wina wa ku Chanyanya anakuwa, "Chisoti, ba tate! Ulemu!" Ena n'kulandira, "Chisoti! Chisoti!"

Anavula.

Dzuwa la pawindo linagwera pamutu paja, ngwee. Beseni latsopano. Ndipo pakati penipeni, pomwe inaterera mbalame ija.

Kenako azimayi a pamsika anagwerana ndi kuseka, wina mpaka anakhala pansi, apolisi anzawo a bambowo atabisa nkhope m'zipewa mapewa akugwedezeka. Ine ndinkayang'ana simenti kuti mwina ing'ambika ndilowemo.

"Ba cheya," anatero bambowo, "mwana uyu sananame. Njinga nine ninatenga, pepala sininalembe, ninalakwa. Nipemphako chabe, za mbalame muchotsemo."

"Zalowa kale m'maminitsi," anayankha a cheya.

Lamulo linadutsa, makhansala onse manja m'mwamba, ndipo mlandu woyamba wa komitiyo unatha komitiyo isanasankhidwe n'komwe. Ine ndinatulukira khomo la m'mbali, ndinayenda wapansi mpaka ku Nangongwe poopa minibasi ina iliyonse.

Tsiku lotsatira bambo aja anabwera okha pamsika akukankha njinga, ataiikira mabuleki atsopano, tcheni chitathiridwa oyilo. Anavula chisoti kupereka moni kwa amayi. Ine ndili kuseri kwa benchi ndikufuna kufa, amayi anayang'anitsitsa mutu uja, n'kunditembenukira mokweza kuti msika wonse umve: "Waona? Ninanama?"

Njinga inabwerera ku Chanyanya, nsomba zayambanso kufika. Koma ine ndalumbira, sindidzapatsanso kalata munthu amene sindinaone kunsi kwa chisoti chake. Ndipo chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti peni yawo ija idakali m'chikwama changa. Ndinaitenga pamsewu, sindinawalembere kapepala, ndipo masabata awiri akwana dzulo.