Mpando wa a Chotsani

Mumsewu wathu munali munthu mmodzi yekha amene ankabwera kwanu ndi mpando umodzi n'kukutulutsitsani katundu wodzaza wilibala. Tinawaika m'manda chaka chatha. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale, tonse tinkangoti a Chotsani, chifukwa mawu amenewo ndiwo anali moni wawo.

Anali kalipentala wamakani. Msomali ankaudana nawo ngati njoka, moti polumikiza matabwa ankasema zikhomo za mtengo womwewo. Penti ankati ndi bodza. "Thabwa labwino silidzola," ankatero, uku akulipukuta ndi kansanza ka mafuta mpaka liwale lokha. Pokhalira ankaluka ndi chingwe cha khonje. Ndipo sankapanga mpando asanayeze mwini wake. Kaya ndinu bwana, kaya mayi wolemekezeka, ankakukhazikani pa chipika n'kukuzungulirani ndi tepi, nkhope ili gwa, inu mukufa ndi manyazi.

Mavuto ankayamba pa tsiku lobweretsa mpandowo. Mayi wa golosale sadzaiwala. A Chotsani anaima pakhomo pa balaza lake, mpando uli paphewa, maso akuyendayenda.

"Kabati iyi imagwira ntchito yanji?"

"Timasungamo mbale za alendo."

"Alendowo anabwera liti?"

"Sanabwerebe."

"Chotsani. Nanga mawotchi awiriwa? Muli ndi nthawi ziwiri muno?"

"Inayo ndi yakufa, bambo, koma inali ya malemu apongozi."

"Ndiye itsatire eni ake."

Mayiyo anawathamangitsa ndi tsache. Koma sabata isanathe kabati inali pakhonde, ndipo iye ankauza aliyense wogula sopo kuti m'nyumba mwake mwayamba kupita mphepo.

Ife tinkaseka chifukwa tinkakumana nawo kamodzi pachaka. Amene ankasenza mtolo wonse anali akazi awo. M'nyumba mwawo munali bedi, tebulo, mipando iwiri, makapu awiri, mbale ziwiri, basi. Makoma anali oyera mbee, opanda ngakhale chithunzi chaukwati. Ukatsokomola kubalaza, chifuwa chinkakuyankha kuchipinda. Amati wakuba wina anathyola zenera, anayang'ana uku ndi uku, n'kutuluka akudandaula kuti anzake amuyambirira.

Mayiwa sanali munthu wokonda chuma. Chimene ankafuna moyo wawo wonse chinali chaching'ono: chinthu chimodzi chopanda ntchito, chongosangalatsa maso. Tsiku lina anagula kagalu kadongo konyezimira n'kukaika pawindo.

"Kamaluma?" anafunsa a Chotsani.

"Ayi."

"Kamauwa?"

"Ndi kadongo, bambo."

"Ndiye kakudya malo aulere. Chotsani."

Kagaluko kanapita. Maluwa apulasitiki sanagone n'komwe. Kalendala yokha ndiyo inapulumuka, chifukwa masiku ali ndi ntchito, koma bambowo anatenga sizasi n'kudula chithunzi cha mathithi chimene chinali pamwamba pake. Mayiwa analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni, ndipo ine ndimati anali ndi chifukwa.

"Bambo, ndisanafe, muno mudzakhala chinthu chimodzi chopanda ntchito," anatero. "Chimodzi chokha, choti ndizingochiyang'ana."

"Muziyang'ana ine, mayi."

Mpando wa bambowo unali wodabwitsa. Ali mnyamata anagwa padenga n'kupindika chiuno, ndiye podzipangira mpando anaukweza mbali imodzi kuti iwo akakhala aziwongoka. Iwo ankakhalapo ngati mfumu. Wina aliyense akayesa, ankatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukapezeka pansi. N'chifukwa chake alendo kwa a Chotsani ankacheza chiimire, ndipo sankachedwa.

Kenako matenda anabwera, aja olowa mwakachetechete n'kukhazikika. Shopu inatsekedwa. Bambowo anagona, ndipo pa bedipo ankauona mpando wawo kudzera pachitseko.

"Mayi, mpando uja."

"Watani?"

"Sindidzakhalaponso. Mpando wopanda mwini ndi nkhuni. Chotsani."

"Mukachira mukhalapo."

"Musandipake penti, mayi. Ndikudziwa."

Zaka zonse za ukwati wawo mayiwa anali asanakanepo mawu amenewo. Tsiku limenelo anakana. Ankaona kuti mpandowo ukangotuluka pakhomo, mwini wake atsatira. Mawa lake bambowo ananenanso, iwo anakananso. Mkangano wake unali wa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi mankhwala.

Masana ena mayiwa pochokera kogula mapiritsi anapeza amuna awo ali pansi pabalaza, akukwawa, akukankha mpando ndi phewa. Anali ataufikitsa pakhomo penipeni, miyendo iwiri ya mpandowo ili kale kunja. Mayiwa anaika mapiritsi pa tebulo. Ananyamula mpando, anaubwezera pamalo pake, kenako anabwerera kudzadzutsa munthu.

"Mwayamba ndi mpando?" anadandaula bambowo, mpweya uli wefuwefu.

"Nanga inu panopa muli ndi ntchito yanji? Ndikuchotseni?"

Mawuwo atangotuluka, mayiwa anagwira pakamwa. Koma a Chotsani anaseka mpaka misozi, kuseka kosakanikirana ndi chifuwa.

"Mwaphunzira tsopano," anatero. "Musavutike. Ine ndichoka ndekha."

Anachokadi, mwezi usanathe.

Maliro atatha, mng'ono wa mayiwa anafika ndi galimoto yodzaza. Munali sofa yofiira, makatani amaluwa, wotchi yoimba, ndi kagalu kadongo kofanana ndendende ndi kaja.

"Achemwali, alamu anali munthu wabwino, koma anakuzunzani," anatero. "Tsopano khalani ngati anthu."

Mayiwa anayesa. Anakhala pa sofa, inawameza mpaka m'chiuno. Anatsokomola, nyumba sinayankhe. Kagalu kankawayang'ana pawindo ndi maso ake opentedwa, ndipo iwo sanamve kalikonse mumtima. Chisoni chinawagwira kuposa cha tsiku la maliro, chifukwa m'nyumbamo munalibenso malo a munthu amene ankamusowa. Mng'ono wawo atabwera kudzawaona, anawapeza ataima pakati pa balaza.

"Chotsa," anatero mayiwa.

"Chiyani, achemwali?"

"Zonsezi."

Anatulutsa sofa, makatani, wotchi, kagalu komwe. Makoma anayeranso. Mng'onoyo, thukuta lili kamukamu ndiponso atapsa mtima, analoza mpando wopendekeka uja.

"Nanga uwu? Ngati mukutsata lamulo la alamu, uwu ndiye woyamba. Ndani angakhalepo? Ulibe ntchito."

"Ndikudziwa kuti ulibe ntchito," anayankha mayiwa. "Usiye."

Masiku ano mumsewu wathu simumvekanso fungo la utuchi. Nyumba zayambanso kudzaza, ndipo palibe wotifunsa kanthu. Mayi wa golosale anabwezera kabati yake mkati, mawotchi tsopano ali nawo atatu, ndipo iye mwini amavomera kuti sakusangalala. Mipando timagula yamisomali, yokwana aliyense, yosadziwa mwini.

Mukadutsa pa nyumba ija masana, chitseko chimakhala chotsegula. Mudzaona tebulo, kapu imodzi, ndi mayi atakhala pa mpando wawo, manja ali pamiyendo. Chinthu chija ankachipempha zaka zonse anachipeza. Chili tsidya lina la tebulo, chopendekeka mbali imodzi, ndipo amangochiyang'ana.