Kamera ya alamu anga

Guys, musamabe ndi anthu amene munkakhala nawo kumbuyo m'kalasi.

Plan inabadwira pa bar, dzuwa likuswa mtengo. Jenerali, bwana wa kagulu kathu, anagogoda botolo patebulo.

"Mfuti ndi zachikale, boiz. Masiku ano munthu umamubera ndi kamera."

Kamera ndinali nayo ine. Ok, ndi ya alamu anga, amajambulira maukwati. Chimakina choika paphewa, mic yaubweya pamwamba, mabatani ochuluka kuposa mano anga. Loweruka anali ndi booking, ndipo ine ndimagona kwawo komweko, pa sofa. Kamera ikasowa, sofa yapitanso.

Dilu yake simple. Tipite pa shop ya ma laptop, tikanene kuti tikujambula filimu, pali scene ya akuba. Jenerali ndi Mafuta, mnzathu wachitatu, anyamule katundu, athawe ngati acting, osabwereranso.

Mwini shop atangoona kamera anayamba kupesa ndevu.

"Ine ndioneka?"

"Inu ndiye star, biggie."

Anakasintha shati. Ma laptop anatisankhira yekha. "Tengani awa, amawala bwino."

Ndinakhazika kamera pa tripod, kudina batani lofiira, n'kukuwa, "Action!"

Mafuta anatuluka mimba ili patsogolo, Jenerali pambuyo. Biggie akukuwa "Akuba! Akuba!" uku akumwetulira kamera. Vuto langa ine, mawu amenewo akangondilowa m'khutu, miyendo sifunsa mutu. Ndinaliyatsa nanenso.

Tili kuseri kwa garaja, wefuwefu, tikuombana m'manja, Jenerali anandiyang'ana paphewa.

"Director, kamera?"

Inatsala ku shop, pa tripod pompaja.

"Aise, imene ija ingagule ma laptop onsewa, ndi Mafuta yemwe," ndinatero.

"Relax. Tibwerera. Tikanena kuti take two."

Tinabwereradi, ma laptop m'manja, Mafuta akung'ung'udza ngati akuloweza script. Tinapeza chikhamu pakhomo, apolisi awiri amene anamva mkuwo uja, ndi alamu anga. Biggie ataona kuti tikuchedwa anaimba nambala ya pa sticker ya kamera.

Koma biggie anali mbali yathu. "Abwana, asiyeni, ndi ma actor awa. Katundu wabwera. Tiyeni tionere kaye scene yanga."

Alamu anatsegula ka screen, n'kudina play. Mawu okhaokha. Chithunzi bii.

"Alamu, ndifotokoze..."

"Khala chete. Filimu palibe apa, ndikukudziwa iwe. Funso langa ndi limodzi. Maukwati onse aja umandinyamulira chikwama, sunaonepo kuti kutsogoloku timachotsa chivindikiro?"

Khamu lonse linafa ndi phwete. Biggie yekha sanaseke. Anayang'ana ka screen kaja, kenako shati yake.

"Ndiye kuti sindinaoneke?"

"Olo ndevu," anatero alamu.

"Abwana, amangeni."